Ku VITA anandifunsa za fizi imene abwana anandibwezera

Aliyense amene ali pasukulu kuno ku America uku akugwira ntchito, ndipo kuntchito kwake amamubwezera ndalama za fizi, ndikumulangiza kuti nyengo ya msonkho ikafika ayambe wakaonana ndi a VITA, anthu ongodzipereka amene amathandiza kudzaza mafomu a msonkho, asanapite kwina. Ndi aulere, inde, ndipo kwa ife amene dola iliyonse imakhala ndi kopita isanafike n'komwe m'manja, ulere si nkhani yaing'ono. Koma chimene chandilembetsa ndi funso limene anandifunsa: fizi imeneyi munalipira nokha yonse, kapena pali amene anakubwezeraniko? Yankho lake simulipeza pa mapepala amene koleji imatumiza, ndipo amene sakufunsani funsoli angathe kukulemberani refund (ndalama za msonkho zimene boma limakubwezerani) yaikulu imene boma lidzaifunenso pambuyo pake.

Ine ndimakhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, kumene Amalawi tilipo ambiri ndithu. Ndimagwira ntchito ya CNA, yothandizira anamwino, panyumba ina yosamalira okalamba, ndipo ndikuphunzira unamwino pakoleji ina konkuno. Kuntchito kwathu kuli dongosolo loti ukakhoza semesita ndi giredi C kapena kuposerapo, umapita ndi malisiti ndi zotsatira zako ku ofesi ya HR, yoona za antchito, iwo n'kukubwezera fizi. Si ine ndekha amene ndikuphunzira motere. Alipo anzathu m'zipatala, ena m'mafakitale a ku Elkhart, ena m'nyumba zosungira katundu, onse akudzuka usiku kuwerenga podalira kuti abwana athandizapo.

VITA ndi chidule cha Volunteer Income Tax Assistance. Ndi pulogalamu ya IRS, bungwe lotolera msonkho la boma la America, ndipo yakhalapo kwa zaka zoposa 50. Amene amadzaza mafomuwo ndi anthu ongodzipereka, ena opuma pantchito, ena ophunzira zowerengera ndalama, koma aliyense amayenera kukhoza mayeso a IRS chaka chilichonse asanakhale patebulo. Amapezeka m'malaibulale, m'makoleji, m'matchalitchi ndi m'maholo a m'madera. Pamene ndinapitako, mu Febuluwale 2025, ankalandira makamaka anthu opeza $67,000 kapena kucheperapo pachaka, anthu olumala, ndi amene Chingerezi chimawavuta. Malire a ndalamawa amasintha chaka ndi chaka. Amadzaza fomu ya boma lalikulu ndi ya Indiana yomwe, n'kutumiza zonse pa intaneti.

Ukangofika amakupatsa fomu yamafunso, 13614-C, kuti udzaze uli pampando wodikirira. Ndi yaitali, ndipo ndinaona anthu ena akuidumphadumpha. Musatero. Ndi pamene nkhani yonse imayambira. Pa gawo la zamaphunziro ndinachonga kuti inde, ndinalipira fizi mu 2024.

Amene anandithandiza anali mayi wachikulire, wa magalasi, wolankhula mosathamanga. Anatenga W-2 yanga, pepala la kuntchito loonetsa malipiro anga a chaka chonse, anatenga 1098-T, pepala la kukoleji loonetsa za fizi, n'kuziyala patebulo. Pa 1098-T, bokosi 1 linkaonetsa $6,200, ndalama zimene koleji inalandira pa fizi yanga. Bokosi 5, la masikolashipu, linali lopanda kanthu. Bokosi 8 linali lochongedwa, kusonyeza kuti makalasi anga ankafika theka la amene wophunzira wa nthawi zonse amatenga. Kwa munthu wongoyang'ana pepalalo, zonse zinali zomveka: mayi uyu walipira $6,200 yekha, apatsidwe credit yonse, kutanthauza ndalama zimene boma limachotsa pa msonkho wa munthu amene walipira fizi. Koma mayi aja anayang'ana dzina la kuntchito kwanga pa W-2, n'kundifunsa ngati kumeneko amathandiza pa fizi. Nditavomera, anandifunsa kuti anandipatsa zingati, liti, ndipo ndalamazo zinapita kukoleji kapena zinabwera kwa ine.

Apa ndi pamene ambiri timagwera, ndiye ndifotokoze bwinobwino monga mmene anandifotokozera.

Lamulo la msonkho la America, gawo 127, limalola abwana kuthandiza wantchito pa maphunziro mpaka $5,250 pachaka popanda msonkho. Ndalama zimenezi sizilowa m'bokosi 1 la W-2, bokosi la malipiro odulidwa msonkho. Abwana ena amazilemba m'bokosi 14 pongofuna kukudziwitsani, ena sazilemba paliponse. Ndipo ngati munayamba mwalipira nokha kukoleji, abwana n'kudzakubwezerani kubanki kwanu, koleji siidziwa kanthu. Iyo inangoona khadi lanu. N'chifukwa chake 1098-T imaoneka ngati fizi yonse inachokera m'thumba mwanu. Mapepala awiri onse akunena zoona, koma ndalama za abwana zadutsa pakati pawo osasiya phazi.

Lamulo lomwelo limakana kuti dola imodzi ikupindulitseni kawiri. Ngati abwana anakupatsani $5,250 yopanda msonkho, phindu lanu mwalandira kale. Simungatengenso fizi imene ndalamazo zinalipira n'kukaipempherera credit. Muyenera kuchotsa kaye zimene abwana anapereka, zotsalazo ndiye zanu. Akulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo pankhani iyi ogwa chagada ndi iwe mwini fomu, osati amene anakudzazira.

Ine abwana anandibwezera $5,250 pa fizi ya 2024. Theka loyamba, $2,625, linabwera mu Juni 2024. Theka lachiwiri linabwera mu Januwale 2025, chifukwa magiredi a semesita yomaliza amatuluka Disembala ali mkati ndipo a HR amatenga nthawi yawo. Ndinafunsa mayi aja ngati ndalama za mu Januwalezo ziwerengedwe, popeza zinabwera chaka chitatha. Anatsegula Publication 970, kabuku ka IRS ka nkhani zamaphunziro, n'kundionetsa pamene zalembedwa. Ndalama zikabwera chaka chitatha koma musanatumize fomu, mumazichotsa pomwepo pa fizi ya chaka chathacho. Zikabwera mutatumiza kale, mumawerengeranso credit ija, ndipo imene munalandira mopitirira mumaibweza ngati msonkho woonjezera pa fomu ya chaka chimene ndalamazo zabwera. Palibe njira yozizembera. Ndinakondwa kuti sanangondiuza ndi pakamwa. Anatembenuza kompyuta kuti ndiwerenge ndekha.

Titachotsa $5,250 pa $6,200 panatsala $950. Mtima unatsika. Koma sanathere pomwepo. Anandifunsa kuti mabuku ndinkagula kuti, ndipo kuntchito anandibwezeranso kapena ayi. Mabuku a unamwino ndi odula, ndipo ambiri masiku ano amabwera ndi nambala yolowera pa intaneti imene sungagule yakale kwa mnzako. Ine ndinali nditagula ena pa intaneti, ena kusitolo, ndipo kuntchito sanabweze chifukwa $5,250 inali itathera pa fizi. Malisiti anali mu imelo yanga. Anandipatsa mpata woti ndiwafufuze pafoni, osandifulumizitsa, ndipo titawonkhetsa anakwana $800. Zonse pamodzi $7,000, kuchotsa $5,250, kutsala $1,750.

Ma credit a zamaphunziro alipo awiri, ndipo onse amadzazidwa pa fomu 8863. Woyamba ndi American Opportunity Tax Credit. Umabweza dola ndi dola pa $2,000 yoyamba, kenako kota ya $2,000 yachiwiri, moti ukafika pamwamba ndi $2,500 pa wophunzira mmodzi. Ndi wa zaka zinayi zoyamba za kukoleji, umafuna kuti ukhale ukuphunzira zoti udzalandire digiri kapena setifiketi, ndipo umawerengera mabuku ndi zipangizo za kosi ngakhale unagula kunja kwa sukulu. Ubwino wake wina ndi woti 40 peresenti yake, mpaka $1,000, amakupatsa ngakhale ulibe msonkho woti uchotsedwe. Wachiwiri ndi Lifetime Learning Credit. Ulibe malire a zaka, ungaugwiritse ntchito ngakhale pa kosi imodzi kapena pa digiri yachiwiri, koma ndi 20 peresenti chabe ya $10,000 yoyamba, kutanthauza $2,000 pa fomu yonse. Umangochepetsa msonkho, subweza zotsala, ndipo mabuku amawerengedwa pokhapokha ngati sukulu inalamula kuti alipiridwe kwa iyo.

Kwa ine kusiyana kwake kunali kwakukulu. Ndi woyambawo ndinapeza $1,750, ndipo $700 mwa imeneyo inali gawo lija lobwera ngakhale msonkho utatha. Ndi wachiwiriwo mabuku anga sakanawerengedwa, ndiye ndikanapeza 20 peresenti ya $950, yomwe ndi $190. Asanasankhe woyambawo, mayi aja anandifunsa ngati ndinamalizapo zaka zinayi za kukoleji kwina kulikonse, ngakhale kwathu, ndiponso ngati ndinalandirapo credit imeneyi m'zaka zam'mbuyo, chifukwa siipitirira zaka zinayi za msonkho. Ine kwathu ndinalekezera pa MSCE, ndiye njira inali yotseguka. Abale amene munabwera ndi digiri yanu ya ku Chancellor College kapena ku Polytechnic n'kudzayambiranso unamwino kuno, funso limeneli ndi lanu. Nenani zoona, chifukwa kawirikawiri wanu ndi wachiwiriwo.

Akanangotenga $6,200 ya pa 1098-T, kompyuta ikanandipatsa $2,500. Kusiyana kwake ndi $750. Ndikudziwa bwino zimene $750 ingachite. Ndi gawo lalikulu la lendi, ndi fizi ya mwana wa mchemwali kumudzi. Sindikunyoza aliyense amene mtima wake umalakalaka nambala yaikuluyo. Koma ndinaona zimene zinachitikira mnzanga wa kuntchito, mayi wa ana awiri amene amagwira usiku ngati ine. Iye anapita kwa bambo wina amene amadzaza mafomu pabalaza pake, wodziwika kuti kwa iye refund imatuluka yonenepa. Fizi ya mnzangayo abwana analipira yonse, koma bamboyo sanafunse, anangolemba $2,500 n'kudula yake. Patapita nthawi kunabwera kalata ya IRS yofuna umboni wa zimene analipira ndi za thandizo lililonse limene analandira. Anabweza ndalamazo ndi chiwongoladzanja, pang'onopang'ono, miyezi imene analinso ndi mavuto ena. Pa fomu yake, pamalo olembapo dzina la wodzaza, panalibe kanthu. Dziwani kuti aliyense amene mumamulipira kuti akudzazireni fomu ayenera kusainapo ndi kulemba nambala yake ya PTIN, imene IRS imapereka kwa odzaza mafomu olipidwa. Wokana kutero akukusiyani nokha. Dziwaninso kuti IRS ikakukanizani American Opportunity, kuti mudzaipemphenso mumafunika fomu 8862, ndipo ikaona kuti munanyalanyaza malamulo dala ingakuletseni zaka 2, ikapeza chinyengo zaka 10. Kwa munthu amene ali chaka choyamba cha unamwino, zaka 2 zimenezo zikutanthauza theka la sukulu yake.

Sindikunena kuti onse olipiritsa ndi oipa. Alipo odziwa ntchito yawo, ndipo nkhani zina zimafunadi iwo. Ngakhale mapulogalamu odzaza wekha pakompyuta amafunsa za thandizo la abwana penapake. Kungoti ukakhala wekha usiku, utatopa, funso lotere umalidumpha osadziwa kulemera kwake. Munthu wokhala nawe maso ndi maso amaona pamene wazengereza.

Chinthu china chimene ndinachikonda ku VITA ndi choti fomu siichoka ndi munthu mmodzi. Mayi aja atamaliza, anandipereka kwa bambo wina amene ntchito yake ndi kuunikanso. Anayambiranso pa dzina, nambala ya Social Security, nambala za kubanki, mpaka pa 8863. Nayenso anafunsa za $1,750 ija kuti yachokera kuti, ndipo anafuna kuona masitetimenti a malipiro amene ankaonetsa ndalama ziwiri zija zikulowa. Kenako anandikumbutsa kuti ndikasaina fomu 8879, yowalola kutumiza, zonse zolembedwamo ndi udindo wanga. Ndinayamikira kuti sanabise zimenezo. Anandipatsa kope la fomu yonse n'kundiuza kuti ndisunge malisiti ndi masitetimenti zaka zosachepera zitatu.

Bambo yemweyo ndi amene anandichenjeza za chinthu chimene sindinachiganizire. Malire a $5,250 amawerengedwa pa chaka, ndipo abwana ambiri amayang'ana chaka chimene ndalama zatuluka, osati semesita imene zikulipira. Ndiye $2,625 ya mu Januwale 2025 ija, ngakhale inachotsedwa pa fizi ya 2024 powerengera credit, yadya kale gawo la malire a 2025. Amene abwana awo amapereka zambiri azisamala apa. Zopitirira $5,250 nthawi zambiri zimalowa m'bokosi 1 la W-2 ngati malipiro, n'kudulidwa msonkho. Koma pali mbali yabwino imene ambiri saidziwa: gawo lodulidwa msonkholo ndi ndalama zanu monga malipiro ena onse, ndiye fizi imene lalipira mungaipempherere credit. Tiyerekeze kuti abwana alipira $8,000. Yoyamba $5,250 musaikhudze, koma $2,750 yotsalayo, ngati yaoneka pa W-2 ngati malipiro, ilowe pa 8863. Ndamvapo anthu akunena kuti abwana akangothandiza ndiye kuti credit yatha. Si zoona, ndipo chikhulupiriro chimenechi chikutayitsa anthu ndalama mofanana ndi mmene kusatchula thandizo la abwana kukuwalowetsera m'ngongole. Chimodzimodzinso fizi yolipira ndi ngongole ya sukulu, kapena ndi ndalama zimene m'bale anakupatsani ngati mphatso: imeneyo imawerengedwa kuti mwalipira ndinu.

Pang'ono pokha za $5,250 imeneyi. Nambalayi yakhala yomweyo kuyambira 1986, pamene fizi yakwera kangapo. Kwa ine ndi yochepa kwa munthu wophunzira unamwino. Lamulo limene linasainidwa mu Julayi 2025 lanena kuti 2026 ikatha iyamba kukwera motsatira mitengo ya zinthu, ndipo lakhazikitsa kuti abwana angagwiritse ntchito ndalama zomwezi kuthandiza kubweza ngongole ya sukulu. Lamulo lomwelo likufuna nambala ya Social Security kwa opempha ma credit awiriwa kuyambira pa msonkho wa 2026, ndiye amene amadzaza ndi ITIN, nambala ya msonkho ya anthu opanda ya Social Security, afunse msanga. Ndipo musanasaine pepala la thandizo la fizi kuntchito, werengani ngati likukumangani kuti mukhalebe pamenepo nthawi yakutiyakuti. Mapepala ambiri amati ukachoka msanga ubweze.

VITA si ya aliyense, ndipo ndinganame nditanena kuti ndi yokwanira pa zonse. Malo ambiri amatsegula kumapeto kwa Januwale kapena mu Febuluwale n'kutseka pofika pa 15 Epulo, ndiye kalata ya IRS ikakupezani mu Ogasiti mwina simuwapeza. Anthu amachuluka, makamaka Loweruka, ndipo popeza aliyense amafunsidwa modekha ndi kuunikidwa kawiri, konzekerani kukhalapo nthawi. Ine sindikuona ngati vuto, chifukwa kudekha komweko ndi kumene kunandipezera $800 ya mabuku, koma wobwera kuchokera kushifiti ya usiku adziwiretu. Pali nkhani zimene saloledwa kugwira, monga bizinesi imene yaluza kapena yolemba antchito, ndi ndalama za lendi. Amene muli ndi nyumba yochititsa lendi ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ndalamazo zimayenera kulembedwa pa fomu ya kuno, ndipo mufunika katswiri wolipidwa. Ophunzira a viza ya F-1 amene sanathe zaka zisanu nthawi zambiri amadzaza 1040-NR, fomu ya amene sawerengedwa ngati okhazikika kuno, ma credit awiriwa sawayenera, ndipo si malo onse a VITA amene ali ndi munthu wophunzitsidwa fomu imeneyo. Imbani kaye. Amene Chingerezi cha zamsonkho chimawavuta atengane ndi m'bale wowathandiza kumva, palibe amene angawabweze.

Za mabanja: ma credit awiriwa amayamba kuchepa munthu mmodzi akamapeza kupitirira $80,000 ndipo amatheratu pa $90,000. Kwa banja lodzaza pamodzi ndi $160,000 mpaka $180,000. Mwamuna ndi mkazi akadzaza aliyense payekha, onse awiri amawataya. Ndikudziwa kuti m'mabanja ena mwathu aliyense amafuna refund yake ilowe ku akaunti yake, koma ngati mmodzi ali pasukulu, khalani pansi muwerengere kaye. Mukadzaza pamodzi ku VITA, nonse awiri muyenera kusaina.

Popita tengani chiphaso chokhala ndi chithunzi, makadi a Social Security a aliyense wolembedwa pa fomu, W-2 zonse, 1098-T, fomu ya chaka chatha ndi nambala za kubanki. Zimenezi akuuzani okha mukamapangana nawo tsiku. Zimene ndikuonjezera ine ndi izi: sitetimenti ya akaunti yanu ya kukoleji yoonetsa zimene munalipiritsidwa ndi tsiku limene munalipira, malisiti a mabuku, ndi kalata ya a HR kapena masitetimenti a malipiro oonetsa ndalama za fizi zimene anakubwezerani ndi masiku ake. Sitetimenti ya kukoleji ndi yofunika chifukwa fizi yolipira mu Disembala ya semesita yoyamba mu Januwale imawerengedwa m'chaka chimene mwalipira. Mayendedwe, malo ogona, chakudya ndi inshuwalansi musavutike nazo, siziwerengedwa.

Amene mwawerenga izi n'kukumbukira fomu ya chaka chatha kapena cha dzana, ilipo 1040-X yokonzera. Ngati munalandira mopitirira, kukonza nokha kalata isanabwere kumachepetsa chiwongoladzanja. Ngati munasiya mabuku kapena munaopa kupempha credit chifukwa abwana anathandizapo, muli ndi zaka zitatu kuchokera pamene munatumiza kuti muitanitse zanu. Malo ena a VITA amathandiza kudzaza 1040-X, ndiye funsani pamene mukupangana nawo tsiku. Ndipo ngati ndalama za semesita yomaliza sizinalowebe, uzani wokuthandizaniyo kuti zikubwera ndi kuchuluka kwake, kapena dikirani zilowe musanatumize.